Oilo wa M'giyabokosi ya a Phiri

Oilo wa m'giyabokosi akamatsikira m'beseni lachitsulo, poyamba amamveka molemera ngati phala likuthiridwa m'mbale. Kenaka amachepa, n'kutsala kudontha: tho, tho, tho, dontho lililonse likudikira linzake. Ndinakula ndikumva kudontha kumeneku kuseri kwa windo la chipinda chathu ku Temeke, m'Dar es Salaam. Sabata yatha, Esinati atandiimbira foni kuti bambo ake, a Phiri, atisiya, ndinali m'basi pa Ubungo, pakati pa mahutala ndi anthu okuwa, koma m'makutu mwanga munangodzaza kudonthako.

Nyumba imene tinkakhala inali ya Chiswahili: zipinda uku ndi uku, kanjira pakati, ndipo kuseri kunali bwalo lotchingidwa ndi malata limene tinkalitcha uwani. Chipinda chimodzi chinali cha ine ndi agogo anga anaBanda, amene anandilera mayi anga atamwalira ine ndisanadziwe kanthu. Choyang'anana nacho chinali cha a Phiri ndi mwana wawo Esinati. Agogo ndi a Phiri onse anali a ku Nkhotakota, ndipo anafika m'Dar es Salaam kale kwambiri, aliyense ndi njira yake. Aswahili ankawaitana a Phiri kuti Mzee Mnyasa, kutanthauza mdala wa ku Malawi. Iwo ankavomera, koma Chiswahili chawo chinakhalabe chopindika mpaka tsiku lomaliza.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, wosakonda kuyang'ana munthu m'maso. Ankavala ovololo ya buluu imene pachifuwa pake panali kachigawo kakuda kuposa pena ponse. Pamenepo panali baji ya kampani ya boma yonyamula katundu imene anaigwirira ntchito ya udalaivala zaka zambiri. Itafika nthawi ija boma linayamba kugulitsa makampani ake, masitolo akudzaza ndi zinthu zakunja, aliyense akugulitsa chimene akufuna, a Phiri anali m'gulu la ochotsedwa ntchito. Tsiku lomwelo anakhala pakhomo ndi lezala n'kumasula bajiyo ulusi umodziumodzi kuti ovololo isang'ambike. Patangopita nthawi pang'ono anabwera ndi pikapu yakale, yoyera mwa dzina lokha, ya giya ya pachiwongolero, n'kuiimika pa uwani.

Masiku wamba pikapuyo inkanyamula mabelo a mitumba, zovala za kaunjika, kuchokera ku msika wa Kariakoo, matumba a simenti, nthawi zina firiji ya munthu amene wangolemera kumene. Koma akamwalira Mmalawi ku Temeke, ku Tandika kapena kulikonse kumene kunali anthu akwathu, imene inkanyamula bokosi kupita nalo kutchalitchi ndi kumanda inali pikapu ya a Phiri. Panalibe amene anawasankha. Zinangokhala choncho. Ndipo asananyamule maliro, a Phiri ankayamba asintha oilo wa m'giyabokosi.

Amakaniko a m'mbali mwa msewu ankawaseka. Oilo wa magiya, iwo ankatero, amakhala zaka osasinthidwa, ndiye mzee ameneyu akuthira ndalama pansi. A Phiri sankatsutsa. Ankangoti fundi, makaniko wa kumeneko, amakonza galimoto yoti ithamange, pamene iwo akukonza yoti iyende.

Ntchitoyo inkayenda mofanana nthawi zonse. Ankayamba ayendetsa pikapu kuzungulira dera lathu kuti oilo afunde, chifukwa wozizira amakakamira mkati ndi zinyalala zake. Akabwerera ankaiimika pakona ya uwani pamene simenti inali yosapendekeka, n'kuika miyala kumateyala. Ankayala katoni, kugona chagada, n'kulowa pansi mpaka kunja kutatsala miyendo yokha. Giyabokosi ili ndi mapulagi awiri: ya m'mbali yothirira ndi ya pansi yotulutsira. A Phiri ankayamba ndi ya m'mbali. Ikakana kumasuka, ankaigogoda ndi sipanala, kuithira palafini, kuidikira, koma ya pansi sankaikhudza mpaka ya m'mbali italola. Ankati anaonapo munthu atatulutsa oilo yense kenaka n'kupeza kuti pothirira pauma ndi dzimbiri, galimoto n'kukhala pabwalo ngati thanthwe. Pa ichi anapangapo lamulo la moyo wonse, loti munthu usatulutse chinthu usanadziwe m'mene uchibwezere.

Tsiku lina ananena zimenezi agogo akumva. Agogo anali atakhala pa kampando kawo akutembenuza vitumbua, tizitumbuwa ta mpunga timene ankagulitsa m'mawa uliwonse.

"Ndiye akazi anu munawatulutsiranji, a Phiri?" anafunsa agogo osacheuka.

Akazi a a Phiri anapita ku Nkhotakota kukaona makolo Esinati ali wamng'ono, ndipo sanabwererenso. Yankho linachokera pansi pa galimoto. "Amenewo pulagi yawo anaimasula okha, anaBanda."

Oilo wakale akatha kudontha, ankatuluka ndi pulagi ya pansi m'manja n'kuiyang'anitsitsa padzuwa. Kumutu kwake kuli kamaginito kamene kamagwira tizitsulo topereseka m'magiya. Akapeza fumbi lokhalokha ankapukuta ndi nsanza mosadandaula. Akapeza kachidutswa koti n'kukagwira ndi zala, ankakasunga m'thumba la ovololo ndipo tsiku limenelo sankalankhula ndi munthu. Pothira watsopano ankagwiritsa ntchito payipi ya pulasitiki yolowera pa bowo la m'mbali, kumtunda kwake atalumikiza fanelo. Oilo wa magiya ndi wolemera, amatsika ngati uchi, ndipo sungamufulumizitse. Ankathira pang'onopang'ono mpaka ayambe kubwerera pa bowo lija, n'kupisamo chala kuti atsimikize, kenaka n'kumanga. Chiyeso chomaliza chinali pamsewu. Giya iliyonse inkayenera kulowa ndi zala ziwiri, osamveka.

Ndewu yawo ndi agogo inali pa fungo. Amene sananunkhizepo oilo wa magiya wakale aganize za mazira oola osakaniza ndi chitsulo chotentha. Fungo limenelo linkalowa m'zovala zoyanika, m'madzi akumwa, ndipo agogo ankalumbira kuti linkalowanso m'vitumbua.

"Makasitomala anga akuti ndikukazingira dizilo," ankatero.

"Ndiye mukweze mtengo, dizilo wadula."

"Tsiku lina ndidzakuthirirani beseni limenelo m'tiyi."

Ankalimbirananso fanelo. Agogo anali ndi fanelo yachitsulo yothirira mafuta ophikira m'botolo, imene anabwera nayo kuchokera kwawo. A Phiri fanelo yawo inali botolo lodulidwa pakati, ndipo inkadontha. Kangapo konse anapempha kubwereka ya agogo, akulonjeza kuti aitsuka ndi phulusa ndi sopo. Agogo ankaibisa pansi pa bedi. Ankati chinthu chimene chakhudza galimoto ya maliro sichingabwererenso kukhitchini, ndipo iwo eni sadzakwera pikapu imeneyo maso ali otsegula. Ngakhale pa maliro a anzawo a Mvano ankayenda wapansi kapena kukwera daladala, minibasi ya kumeneko, pikapu ikupita patsogolo ndi malo otsala. Ndinkaganiza kuti ndi mantha chabe a anthu akale.

Masiku amenewo m'nyumba za anthu ngati ife munalibe mafoni. Munthu akamwalira, achibale ankatuma wina kwa a Phiri asanapite kwina kulikonse, kuti galimoto ikonzeke. Ndiye uthenga wa maliro unkayamba kumveka ndi mphuno. Mayi wopita kukatunga madzi pa bomba, mpope wa m'dera lathu, akamva fungo lija ankasuzumira pa mpata wa malata. Akaona miyendo ya a Phiri itatulukira pansi pa pikapu, ankabwerera osatunga n'kukauza anzake kuti kwagwa zovuta, amange zitenje. Dzina la womwalira linkabwera pambuyo. Aswahili oyandikana nafe nawonso anazolowera. Ankati akamva fungolo, amangoti pole, ndiye kuti pepani, kwa Mnyasa aliyense amene akumana naye.

Kenaka zinafika zaka zija maliro anachuluka, anyamata ndi atsikana akuonda n'kumapita motsatizana. A Phiri sakanatha kusintha oilo pa maliro aliwonse. Komabe ankalowa pansi, kumasula pulagi ya m'mbali, kupisa chala, kununkhiza, n'kuwonjezera pang'ono. Fungo silinkachoka pa uwani. Agogo anasiya kulidandaula. Ankangosunthira mbaula yawo kukhomo la kumsewu.

Nkhani imene ndikufuna kuti isaiwalike inachitika pakutha pa mvula ya masika, limene ndi dzinja la kumeneko, ine nditakula kale, ndevu zitayamba. A Phiri anadutsa ndi pikapu m'madzi osefukira akuchokera kutauni, ndipo madzi analowa m'giyabokosi. Kuyambira pamenepo giya yachiwiri inkakukuta polowa, galimoto n'kudumpha ngati yapunthwa. Ankadziwa chovuta, koma ankazengereza kusintha oilo chifukwa kunalibe maliro. Mwambo umene anauyambitsa okha unali utawamanga. Ankaopa kudzidzimutsa anthu.

Masiku omwewo agogo anaterereka pa bomba n'kugwera chiuno. Tinawanyamula kupita nawo m'chipinda. Anati ndi kubinya chabe, athowa ndi madzi otentha. Panapita masiku, mwendo unatupa, ndipo sankatha ngakhale kukhala tsonga. Za chipatala sankafuna kumva. Nditabweretsa takisi, tinalephera kuwapinda kuti alowe, ndipo kulira kumene analira kunandichititsa kuti ndimuuze dalaivala azipita. Inkafunika galimoto yoti munthu agonemo. M'dera lonse inalipo imodzi.

Ndinawapeza a Phiri madzulo akutsuka m'manja ndi mchenga.

"Ndamva," anatero ndisanamalize. "Koma si ndi giya imeneyi. Chiuno chothyoka, giya yodumpha, tikafika nawo atakomoka. Ndisinthe kaye oilo m'mawa."

"Nanga anthu?"

"Nditseka geti. Ndichita msanga."

Ndinawafunsa ngati sangakasinthire kugalaja. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akasambire pamsewu.

M'mawa mwake ndinali m'chipinda ndikuwapatsa agogo tiyi ndi supuni. Sindinawauze kalikonse, chifukwa ndinkafuna galimoto ikonzeke kaye kenaka tilimbane. Pikapu inalira, inatuluka, inabwerera. Kunamveka miyala ikuikidwa kumateyala, sipanala ikugogoda. Kenaka phala lija likugwera m'beseni. Agogo anakana supuni.

"Yakobo, wamwalira ndani?"

"Palibe, agogo."

Anamvetsera kudontha kuja, fungo likulowa pa windo. Nkhope yawo sinasonyeze mantha. Inangokhala ngati ya munthu amene wauzidwa chinthu chimene ankachikayikira kale.

"Ndiye ndine," anatero. "Munthu ameneyu wanyamula maliro ambiri, amadziwa kuona. Bulauzi yanga ya Mvano ili m'sutikesi, pansi penipeni. Usalole kuti andiveke nsapato."

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinawafotokozera zonse, za madzi a m'giyabokosi, za chipatala, koma sanatembenuke. Ndinali nditaonapo anthu okalamba akutembenukira kukhoma motero, ndipo ndinkadziwa kuti ena satembenukanso.

Geti linali lotseka, koma fungo silidziwa geti. Mayi Chisale, amene anali mkulu wa amayi a Mvano m'dera lathu, ankadziwa kuti agogo ali gone. Atamva fungo n'kusuzumira pa malata n'kuona miyendo ija, sanafunse munthu. Posakhalitsa ndinamva nyimbo ya maliro ikuchokera kumsewu, yapansipansi, ikuyandikira. Amayi analowa m'kanjira ka pakati atamanga zitenje m'chiuno, ena akulira kale. Mayi Chisale anakankha chitseko manja ali kumutu, akutchula dzina la agogo ndi la mudzi wawo.

Agogo anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuwayang'ana.

Kulira kwa mayi Chisale kunaduka pakati ngati wailesi yothimitsidwa. Amene anali kumbuyo, osaona, anapitiriza ndime yonse mpaka kumapeto.

"Pitirizani, mayi Chisale," anatero agogo. "Kutchalitchi simuimba bwino chonchi."

"Pepani, anaBanda. Ife tinaona a Phiri ali pansi pa gari."

"Nanenso ndawamva. Kandiitanireni."

A Phiri analowa akupukuta manja pa ovololo, dzanja limodzi lili ndi pulagi. Amayi anapatuka. Anaima pafupi ndi chitseko, maso ali pansi monga mwa nthawi zonse.

"Mwandiika kale m'manda, a Phiri?"

"Ayi, anaBanda. Ndikufuna ndikutengereni kuchipatala."

"Ndi oilo wa maliro."

"Oilo alibe maliro."

"Zaka zonsezi mwakhala mukusinthira akufa. Lero mwasinthira ine. Ndine mwana ine?"

A Phiri anatembenuza pulagi ija m'zala. Ndinkaganiza kuti atuluka, chifukwa sanali munthu wolankhula pagulu. Koma ananjuta pansi pafupi ndi bedi, mawondo akulira.

"Sindinasinthirepo wakufa," anatero. "Wakufa samva giya. Ndimasinthira amene wakhala pambali pa bokosi."

Kenaka a Phiri anapitiriza.

"Mwaiwala, anaBanda? Ine sindinaiwale. Lole ya kampani, ndinaibwereka kuti tikaike mayi ake a mnyamatayu. Inu munakana kukhala kutsogolo, munakhala kumbuyo ndi mwana wanu. Pokwera pa njanji giya inakana, ndinaikakamiza, lole inadumpha. Ndinamva bokosi likukhwekhwereka mpaka kugunda. Nditayang'ana pagalasi ndinakuonani mutaligwira ndi mawondo. Munaligwira choncho mpaka kumanda. Simunandinenepo kanthu, koma simunakwerenso galimoto imene ine ndikuyendetsa."

Za mayi anga sizinkakambidwa m'nyumba mwathu. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa amene anawanyamula, ndiponso chimene chinachititsa zipsera ziwiri zimene agogo anali nazo pansi pa mawondo, zimene ankati ndi za nkhuni.

Agogo anayang'ana kudenga. Kunja kudontha kuja kunali kutatsala pang'ono kutha.

"Mwatulutsa wakale?" anafunsa.

"Ndatulutsa. Anali ngati mkaka, madzi okhaokha."

"Pothirira mwamasula?"

"Ndinayambira pomwepo."

"Botolo lanu lija lidontha, mutha tsiku lonse. Yakobo, pisa pansi pa bedipa uwapatse fanelo. Koma mubweze, a Phiri."

"Ndibweza."

"Mutatsuka."

Amayi a Mvano, poti anali atabwera kale ndipo panalibe woti amulire, anagwira ntchito ina. Anatulutsa matiresi n'kuyala kumbuyo kwa pikapu, ena anafolera agogo, ena anagwira chitenje chowatchingira dzuwa. Tinawanyamula pa chitseko chimene a Phiri anachizula pa chipinda chawo. Ine ndinakhala pambali pawo, msana utatsamira ku kabini.

Uthenga unali utayenda kale kuposa ife. Pikapu itatuluka pa geti, amuna amene anali pa masitolo anaimirira n'kuvula zipewa, wogulitsa makala anaika dzanja pachifuwa. Agogo anaona zimenezi kudzera pansi pa chitenje. Anatulutsa dzanja n'kuyamba kuwabayibitsa. Mnyamata wina amene anali pa njinga anagwera mu ngalande.

A Phiri anayendetsa ngati anyamula madzi m'mbale. Madaladala ankatiimbira hutala, makondakitala akutukwana, koma iwo sanasinthe. Ndinkamva injini ikukwera, kenaka ikutsika, ndipo ndinkadziwa kuti giya yasintha chifukwa cha mawu okha, thupi osamva kanthu. Titayandikira njanji, agogo anandigwira dzanja mwamphamvu. Pikapu inachepetsa liwiro, inalowa giya yachiwiri, inakwera, inatsika. Agogo anandisiya dzanja.

"Yalowa," anatero, n'kutseka maso.

Anakhala kuchipatala nthawi yaitali, ndipo anatuluka akuyenda ndi ndodo. Anabwereranso ku vitumbua zawo, ndi ku ndewu zawo. Fanelo sinabwezedwe. Agogo ankaikumbutsa pafupifupi sabata iliyonse, a Phiri n'kumayankha kuti ikadali yonyowa. Sindikhulupirira kuti agogo ankaifunadi, chifukwa anagula ina ya pulasitiki, koma kufunsako sanasiye. Chinasintha n'chakuti tsopano ankakwera pikapu, kutsogolo, ndipo ankawauza a Phiri njira ngakhale yopita kutchalitchi chimene onse anapempheramo zaka zonse.

Kuyambira tsiku limenelo anthu anasiya kudalira mphuno. Akamva fungo ankayamba atuma mwana kukafunsa. A Phiri ankati ubwino wake ndi womwewo, tsopano angathe kusamala galimoto yawo popanda kupha munthu.

Agogo anadzamwalira patapita zaka, ndi matenda ena, ali m'tulo. M'mawa mwake ndinamva kudontha kuja pa windo. Amayi a Mvano anandiuza kuti ndikhale kutsogolo ndi a Phiri, koma ndinakhala kumbuyo. Ndinaika dzanja pa bokosi ulendo wonse, ndikudikira kuti lisunthe. Silinasunthe.

Sindikufuna kuwapanga a Phiri kukhala munthu wopanda chilema. Anali ouma mutu, ndipo Esinati anakula ndi bambo amene ankadziwa kumvetsera giyabokosi kuposa mwana. Atafuna kuphunzira kuyendetsa, anamukaniza, ati manja ake ndi opupuluma. Anakaphunzira kwina, pa galimoto zija za otomatiki zimene zinadzaza mzinda kuchokera kudoko, ndipo a Phiri anakana kukwera galimoto yake kwa nthawi yaitali. Ankati galimoto yosankha yokha giya ili ngati wantchito amene safunsa. Ankanyozanso oilo wogulitsidwa m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu, ndipo ankatha kuyenda mzinda wonse kufunafuna wa m'chitini chomata, maliro akudikira, achibale akung'ung'udza.

Pikapu inatha pang'onopang'ono. Zipangizo zake zinasowa, ndipo kunabwera makampani a maliro okhala ndi galimoto zakuda za makatani. Ana a anthu akwathu, amene Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha m'Chiswahili, anayamba kuimbira foni kumeneko. Maso a a Phiri anachita khungu. Pikapu inakhala pakona paja matayala ataphwa mpaka Esinati anaigulitsa kwa ogula zitsulo. Akuti tsiku limene ankaikoka, a Phiri anapempha kuti aitulutse kaye oilo, kuti asatayikire pamsewu.

Ine ndinasamukira kutsidya lina la mzinda, ndipo ndinkawayendera mwa apo ndi apo. Ulendo womaliza anandizindikira ndi mawu. Anandifunsa ngati ndili ndi galimoto, ndinati ayi. Anati ndachita bwino, za masiku ano zilibe pogwira.

Tinawaika Loweruka. Anawanyamula pa galimoto yakuda ya kampani, ya otomatiki, yozizira mkati. Inayenda bwino, sindinganame. Pambali pa bokosi panali mpando wokhala ndi lamba, ndipo Esinati anakhala pamenepo. Uthenga wa maliro awo unayenda pa mafoni, ndipo ambiri mwa amene akanaumva ndi mphuno anapita kale.

Titabwerako kumanda ndinazemba pagulu n'kupita ku uwani. Wachepa tsopano, chifukwa mwini nyumba anamangapo zipinda zina ziwiri za lendi. Pamene agogo ankaika mbaula pali thanki ya madzi. Koma pakona paja simenti ikadalipo, yosapendekeka, ndipo pakati pake pali banga lakuda lalikulu ngati beseni, limene mvula ya zaka zonsezi yalephera kulichotsa. Miyala iwiri ija ili m'mbali mwa malata, wina amakhalira pochapa. Ndinawerama n'kununkhiza, ngakhale ndinkadziwa kuti palibe chimene ndimve. Pankangomveka sopo.

"Kaka Yakobo."

Anali Esinati, akundiitana kuti achimwene m'Chiswahili, atamanga chitenje cha kanga chakuda, m'manja muli kanthu kokulunga m'nyuzipepala.

"Baba ananena kuti ndikupatseni. Akuti si yawo." Anaima pang'ono, akufunafuna mawu a Chichewa. "Akuti muwauze agogo kuti atsuka."

Anandiika m'manja fanelo yachitsulo, yoyera mbee mkati ndi kunja, n'kubwerera kumene amayi ankagawa chakudya.